Mtima ukangoyamba kuthamanga mwadzidzidzi uli pa njinga, uzitani?

Anzanga opalasa njinga kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, kaya mumapalasa ya magiya ija pofuna kulimbitsa thupi, kaya ndinu a kabaza pa Chitakale kapena pa Luchenza, kaya mumakoka matumba a chimanga kuchokera ku Muloza kapena makala, nkhani iyi ndi yathu tonse. Ndaona kuti ambirife mtima ukatithamangira panjira timangoti ndi kutopa, ena amati BP yakwera, ena amakhala chete kuopa kuti anzawo pa siteji aziti afooka. Nde ndati ndilembe zomwe ndaphunzira, mwina zithandiza wina.

Chaka chatha mu October ndinanyamuka mmawa pa Chitakale kulowera ku Likhubula. Ndili ndi wotchi yoyeza mtima yomwe ndinagula pa kaunjika pamodzi ndi kalamba kake komanga pachifuwa, ndipo tsiku limenelo imaonetsa 128, 132 bwinobwino. Nditafika potsetsereka penapake, ndisakupalasa nkomwe, ndikuti ndiyang'ane pamkono ndikuona 214. Abale ndinachita mantha, mmimba munazizira, ndinaganiza za ana anga nthawi yomweyo. Ndinagwira buleki, nkutsika, nkukhala pansi pa mtengo mmbali mwa msewu. Nditagwira mtsempha ndi zala nkuwerenga ndinapeza kuti mtima ukugunda ka 116 basi, pomwe wotchi ikadali pa 200 ndi chakuti. Wonama anali lamba. Koma mnzanga wina wa kabaza, yemwe alibe wotchi iliyonse, zake zinali zenizeni, ndifotokoza kutsogoloku. Ndi chifukwa chake ndikuti chinthu choyamba kuphunzira ndi kuwerenga mtima ndi zala zanu, zina zonse zimabwera pambuyo.

Mukamva kuti mtima wasintha kapena wotchi yaonetsa nambala yachilendo, imani. Osati kuchepetsa liwiro chabe ayi, imani ndithu, tulukani mu msewu chifukwa chizungulire chikakugwirani muli pa chishalo mu M2 muja malole a tiyi ndi maminibasi sakudikirani. Ngati mwanyamula kasitomala muuzeni mwaulemu kuti amayi kapena abambo tatsikani kaye pang'ono ndipume, palibe munthu wanzeru angakane. Khalani pansi pamthunzi. Tengani zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, muziike pamkono kunsi kwa dzanja mbali ya chala chachikulu, musagwiritse chala chachikulucho chifukwa nacho chimagunda pachokha chikusokonezani. Pamkono pakavuta gwirani pakhosi mmbali mwa kholingo, mbali imodzi yokha komanso mosadina kwambiri. Yang'anani nthawi pa foni, werengani kwa masekondi 15 kenako muchulukitse ndi 4. Mwawerenga 30 ndiye kuti 120 pa miniti, mwawerenga 45 ndi 180, mukalephera kuwerenga chifukwa ukungoti phiriphiriphiri ndiye kuti uli pamwamba zedi. Ndipo musangowerenga, mvetseraninso kagundidwe kake, ukugunda mofanana ngati ng'oma ya munthu wodziwa kapena ukudumphadumpha, apa msanga apa kuima apa kawiri motsatizana. Yeserani zimenezi kunyumba lero lomwe muli phee, chifukwa tsiku la mantha manja amanjenjemera ndipo si nthawi yophunzirira.

Za manambala. Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa miniti, koma ife opalasa tsiku ndi tsiku ambiri timapezeka mma 50 ndipo si vuto ngati ukumva bwino. Malire a pamwamba anthu amayerekeza pochotsa zaka zako pa 220, wa zaka 40 ndi cha mma 180, wa zaka 25 ndi cha mma 195. Kumeneku ndi kuyerekeza chabe, ena amapyola ndi 10 kapena kuposa ali bwinobwino, ena safikako. Nde ngati mukukwera chitunda chochokera ku Luchenza kupita pa boma la Thyolo mutanyamula munthu wonenepa kumbuyo nkuona 175, befu ali tho, thukuta kamukamu, palibe chachilendo, mtima ukugwira ntchito yomwe mwaupatsa. Chodetsa nkhawa ndi nambala yosagwirizana ndi ntchito yomwe miyendo ikugwira.

Tiyambe ndi a mawotchi, poti masiku ano achuluka. Lamba wa pachifuwa amamva timagetsi ta mtima kudzera pakhungu, ndipo amafuna chinyezi kuti amve bwino. Mmawa wa June kapena July kuli chiperoni, thupi louma thukuta lisanayambe, maminiti khumi oyambirira amatha kuonetsa zopanda mutu. Nyowetsani timalo tiwiri takuda tosalala tija ndi madzi kapena malovu musanamange, ndipo mumange mothina bwino kunsi kwa mabere kuti asamatsetsereke. Chachiwiri ndi jezi. Mukudziwa timoto timathetheka ukamavula juzi ya nailoni mumdima tija, nde jezi yotakasuka ikamakupiza pachifuwa ndi mphepo potsetsereka imapanga timagetsi tomweto ndipo lamba amawerenga ngati ndi mtima, nchifukwa chake zambiri zabodzazi zimachitika pamtsetse kapena mphepo ikamakuomba kutsogolo, makamaka nyengo youma. Zanga zija zinali zimenezi. Kuthira madzi pang'ono pa jezi kapena kuvala yogwira thupi kumathetsa. Chachitatu batire, malamba ambiri amagwiritsa kabatire kophwatalala ka CR2032, kakayamba kutha manambala amapenga, sinthani. Komanso muzichapa lambayo, mchere wa thukuta ukaumirapo amasokonekera, ndipo wa pa kaunjika nthawi zina amakhala atatha kale ntchito mkati ngakhale kunja akuoneka bwino.

Wotchi yoyezera pamkono pomwepo, ya kagetsi kobiriwira kunsi ija, imanama kuposa lamba ukakhala pa njinga. Imayeza ndi kuwala, nde ikamagwedezeka mu misewu ya miyala ya mminda ya tiyi, dzanja litafinya handulo, imatha kutenga kugwedezekako ngati kugunda kwa mtima. Ikwezeni pang'ono kuchoka pa kafupa ka pamkono nkuimanga mothina. Chizindikiro chachikulu chakuti chipangizo ndi chomwe chanama nchakuti inuyo simukumva kalikonse, mukutha kuyankhula bwinobwino, nambala ikudumpha 140, 210, 95, 200 mmasekondi ochepa, ndipo zala zikukuuzani zina. Koma chonde musazolowere kunena kuti ndi wotchi musanagwire mtsempha. Pali anthu amakhala miyezi akusintha mabatire pomwe wotchiyo imanena zoona.

Tsopano mnzanga uja. Ndi mnyamata wa zaka za mma 30, wamphamvu zake, amatha kupanga maulendo angapo pa tsiku osadandaula. Anandiuza kuti tsiku lina akupalasa pamalo a fulati, wopanda ndi katundu yemwe, mtima unangoti phaa kuyamba ngati munthu waliza injini ya chigayo, pakhosi pakugunda, mmaso mukuchita timdima, miyendo zii. Anakhala pansi mwina maminiti khumi usakutsika, kenako unangoti thii kamodzi nkubwerera mwakale ngati palibe chachitika. Zinachitika kanayi pa miyezi ingapo ndipo iye amangomwa madzi a adyo poti anthu anamuuza kuti ndi BP. Nditamumva ndinamukakamiza kupita kuchipatala, ndipo atamuyeza anamuuza kuti ndi vuto la kayendedwe ka magetsi a mu mtima lomwe amalitchula kuti SVT.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa kusiyanitsa mitundu itatu ya kuthamanga kwa mtima kumathandiza inuyo komanso dokotala. Mtundu woyamba mtima umakwera pang'onopang'ono, 130, 140, 150, 160, mogwirizana ndi chitunda kapena dzuwa, ndipo mukaima umatsikanso pang'onopang'ono, miniti yoyamba yokha umatsika ndi 12 kapena kuposa, kwa ozolowera ngakhale 30. Umenewu ndi mtima wabwinobwino womwe ukukankhidwa ndi chinachake, ntchito, kutentha, ludzu, matenda. Mtundu wachiwiri ndi wa mnzangayu, umayaka kamodzi ngati switchi, kuchoka pa 125 kufika pa 190 kapena 210 mu sekondi imodzi, umagunda mofanana koma mothamanga zedi, mukaima nkukhala pansi nambala imangokakamira pomwepo osatsika, kenako umazima kamodzinso. Ena ukatha amamva mkodzo kwambiri. Mu mtima muli kamalo komwe kamayambitsa kugunda kulikonse, nde kwa anthu ena pamakhala kanjira kena kapadera komwe magetsi aja amayamba kuzungulira osatuluka, ndi chimene chimachitika. Nthawi zambiri SVT siipha, koma imagwetsa, ndipo kugwa pa njinga pamsewu ndi nkhani ina. Mtundu wachitatu ndi wosokonekera, wopanda dongosolo, kugunda kwina kwamphamvu kwina kofooka, mipata yosafanana. Umenewu ukhoza kukhala womwe madokotala amati atrial fibrillation, umakonda anthu okulirapo, a BP, omwa mowa kwambiri, a vuto la mavalavu a mtima (timakomo totsegula ndi kutseka njira ya magazi mu mtima), komanso omwe akhala akupalasa maulendo ataliatali zaka zambiri. Uwu musauchedwetse ngakhale ukusiya wokha, chifukwa umatha kuumbitsa magazi mu mtima nkubweretsa sitiroko. Kudumpha kamodzi apo ndi apo, kumva ngati mtima waphonya kenako wagunda mwamphamvu, kumachitikira anthu ambiri ndipo pakokha nthawi zambiri si koopsa, koma kukamachuluka pomwe mukupalasa mwamphamvu kapimitseni.

Ndinenepo za BP chifukwa mChichewa mawu amatisokoneza. Timati kuthamanga kwa magazi potanthauza BP, nde munthu mtima ukamuthamanga amaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Ayi. BP ndi mphamvu yomwe magazi akukankhira mitsempha, ndipo ambiri omwe ili yokwera samva kalikonse. Kuthamanga kwa mtima ndi kuchuluka kwa kugunda pa miniti. Munthu akhoza kukhala ndi BP yabwino mtima uli pa 200, ndipotu nthawi imeneyo BP imatha kutsika, nchifukwa chake amachita chizungulire. Nde kumwa mapilitsi a BP a amayi anu kapena a neba pa nthawi ngati imeneyo ndi kudziika pa ngozi, chonde musatero.

Ngati mwagwira mtsempha nkupeza kuti ndi zoona, ukuthamanga mofanana ndipo sukutsika ngakhale mwapuma maminiti angapo, koma simukumva kuwawa pachifuwa ndipo simukufuna kukomoka, pali zomwe mungayese muli pompo. Khalani pansi motsamira mtengo kapena chikhoma. Kokani mpweya, tsekani pakamwa ndi chala chachikulu ngati mukuuzira chibaluni cholimba chomwe chikukana kufufuma, mutchime ngati munthu wodzimbidwa kwa masekondi 15. Mukangomaliza gonani chagada nthawi yomweyo, mnzanu akukwezeni miyendo yonse mmwamba kwa masekondi enanso 15, kenako mukhalenso tsonga nkudikira ngati miniti. Mukakhala nokha tsamiritsani miyendo pa mtengo. Kuchipatala amapatsa munthu sirinji yopanda singano kuti auzire mpaka kopondera kake kasunthe, nzeru yake ndi yomweyi. Zimenezi zimadzutsa mtsempha wina womwe umagwira ntchito ngati buleki ya mtima. Madokotala a ku England anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa njira imeneyi mu 2015, kuuzira kophatikiza ndi kukweza miyendo kunabwezeretsa mtima kwa anthu 43 pa 100 alionse pomwe kuuzira kokha kunathandiza 17. Nde mukuona kuti sikuti imagwira nthawi zonse, koma ndi yaulere ndipo mukhoza kubwereza kawiri kapena katatu. Njira ina ndi madzi ozizira kwambiri kumaso, kumiza nkhope mu beseni masekondi ochepa mutagwira mpweya, koma ngati ndi madzi otsika mphiri tungani mu chinthu, musakaweramire mu mtsinje muli ndi chizungulire. Zosisita mtsempha wa pakhosi zomwe mwina munaonapo pa intaneti zisiyeni, zimenezo ndi za achipatala.

Mtima ukabwerera mwakale musati basi ndachira nkukweranso kuthamangira makasitomala. Pumani mokwanira, imwani madzi, bwererani kunyumba pang'onopang'ono kapena mukukankha njinga, ndipo mupite kuchipatala sabata yomweyo. Ukakana kutsika patatha maminiti 15 kapena 20, pezani galimoto kapena njinga yamoto yoti wina akhale kumbuyo kwanu akukugwirani, mupite nthawi yomweyo, osapalasa nokha.

Koma pali zizindikiro zomwe sizifuna kuyesa chilichonse panjira. Kuwawa kapena kulemera pachifuwa ngati wina wakukhalira, ululu wopita ku mkono, kunsagwada kapena kumsana, kubanika koti simungamalize chiganizo mutakhala pansi, thukuta lozizira, kukomoka kapena kuona mdima ngati mukugwa. Makamaka kukomoka uli mkati mopalasa, chimenecho ndi chizindikiro choopsa ngakhale utadzuka uli bwino, usakwerenso njinga mpaka akuyeze mtima. Chimodzimodzi ngati kwanu kuli wachibale yemwe anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, asanafike zaka 40, osadwala, kaya pa mpira kaya kutulo. Kumudzi imfa zotere timazipezera zifukwa zina, ndikudziwa, koma matenda ena a mtima amayenda mmagazi a pabanja ndipo dokotala akuyenera kumva mbiri imeneyo. Ndipo mnzanu akagwa pa siteji, sakuyankha, sakupuma kapena akungokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nkonono, musataye nthawi ndi kumuthira madzi kapena kumupepesera ndi chipewa. Mugonekeni chagada pouma, ikani manja awiri mosanjikiza pakati pa chifuwa, dinani mwamphamvu kulowa masentimita 5, ka 100 mpaka 120 pa miniti osalekeza, muzilandirana, wina akuthamangira galimoto.

Tibwerere ku mtundu woyamba uja poti ndi womwe ambiri timakumana nawo, tsiku lomwe njira yomweyo, katundu yemweyo, koma mtima uli pamwamba kuposa masiku onse. Wolakwa wamkulu ndi ludzu ndi dzuwa. October ndi November ukamapalasa masana cha ku Nkando kapena ku Limbuli thukuta limatuluka lambiri, madzi mmagazi amachepa, magazi ena amathamangira kukhungu kukaziziritsa thupi, nde mtima umayenera kugunda kambiri kuti ufikitse omwewo ku miyendo. Mupeza kuti ola lachiwiri nambala yakwera ndi 10 kapena 15 liwiro lili lomwelo. Imwani musananyamuke, nyamulani botolo, muzimwa pang'onopang'ono osadikira kukhosi kuume. Yang'anani mkodzo, ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndiye kuti mwatsalira kutali. Tsiku lotuluka thukuta kwambiri mpaka malaya kuyera mchere, kapena ngati munatsegula mmimba dzulo lake, madzi okha sakwanira, sungunulani Thanzi mu lita imodzi, kapena pangani nokha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Thobwa amathandiza, nthochi, nanazi, mzimbe, zonsezi tili nazo mmbali mwa msewu. Kunyamuka mmimba muli pululu nakonso kumathamangitsa mtima, shuga akatsika thupi limanjenjemera, idyani kaye kaya ndi mbatata kaya chinangwa.

Chachiwiri, ndipo ichi ndimachinena mobwerezabwereza kwa anzanga, ndi kupalasa ukudwala. Thupi likatentha ndi digiri imodzi mtima umaonjezera pafupifupi 10 pa miniti usanagwire ndi ntchito yomwe. Malungo amathanso magazi. Nde munthu wayamba LA dzulo, lero akumva bwino pang'ono, wakwera kale njinga poti pakhomo palibe ndiwo. Ndikumvetsa, kabaza ukapanda kupalasa sudya, koma malizani mankhwala nkupumako masiku angapo, mukayambiranso muyambe ndi maulendo afupi. Chimfine chotentha thupi ndi kuphwanya nachonso si chochipeputsa, tizilombo take nthawi zina timatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuukakamiza nthawi imeneyo ndi komwe kumabweretsa ngozi. Mukaona kuti patapita chimfine mtima ukuthamanga pa ntchito yochepa, pachifuwa pakuwawa, mukutopa mosadziwika, siyani njinga mukapimitse. Njira yosavuta yodziwira ndi kuwerenga mtima mmawa uliwonse musanadzuke pa mphasa, mukazolowera nambala yanu, tsiku lomwe yakwera ndi 10 popanda chifukwa mudziwa kuti thupi likulimbana ndi chinachake.

Kuchepa kwa magazi kumachitanso zomwezi koma mwakachetechete, miyezi ikupita ukungoona kuti zitunda zomwe umakwera kale pano zikukukanika, mtima uli gugugu mpaka mmakutu. Malungo obwerezabwereza, njoka za mmimba, likodzo, zakudya zosakwanira, ndipo kwa azimayi msambo wochuluka kapena pathupi. Tsitsani chikope cha mmunsi muyang'ane pagalasi, mukakhala motuwa mmalo mofiira kayezetseni, ndi kubaya chala chabe.

Kenako zomwe timadziika tokha mthupi. Mowa wa usiku, kaya kachasu kaya wa mmabotolo, umaumitsa thupi komanso umasokoneza kagundidwe, kupalasa ndi matsire mmawa dzuwa likuswa mtengo ndi kuusautsa mtima kawiri. Timabotolo ta enaji tomwe anyamata akumwa tiwiri titatu mmalo mwa nsima tili ndi kafini wambiri, ndipo ine ndimaona kuti pa zonse zomwe ndatchulazi ichi ndi chomwe tingasiye lero lomwe osataya kanthu. Tiyi wathuyu alinso ndi kafini koma wochepa kuyerekeza ndi khofi, kapu imodzi kapena ziwiri si nkhani. Fodya ndi chamba zimakweza mtima. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno, komanso kopopera ka mphumu ka salbutamol, amathamangitsa mtima, koma a mphumu musasiye mankhwala anu, ingomuuzani dokotala zomwe mukumva. Kusagona ndi nkhawa za ngongole nazo zimaonjezera.

Mukamapita kuchipatala pitani ndi nkhani yomveka, chifukwa vuto la matendawa ndi lakuti ukafika pa mzere mtima umakhala utakhazikika kale. Lembani mu foni kapena kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala tsiku, nthawi, mumatani, unayamba kamodzi kapena pang'onopang'ono, munawerenga zingati, umagunda mofanana kapena ayi, unatenga maminiti angati, unasiya bwanji, munadya ndi kumwa chani. A mawotchi jambulani chithunzi cha mzere woonetsa momwe mtima unagundira tsikulo, ukaoneka ngati khoma loima chilili kenako denga la fulati kenako kugwa kamodzi, dokotala akaona amvetsa msanga. Yambirani pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo, Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, ndipo akaona kuti pakufunika kuyeza kwina amatumiza ku Queens ku Blantyre. Pemphani kuti akuyezeni BP, malungo, kuchuluka kwa magazi ndi shuga, ndipo funsani za ECG, kuyeza koika timawaya pachifuwa komwe sikuwawa ndipo kumatenga maminiti ochepa. ECG ikatuluka bwino pomwe mtima uli phee sizitanthauza kuti munanama, nthawi zambiri vutoli limaoneka likamachitika, nde tsiku lomwe wayambanso muli pafupi ndi chipatala thamangirani pomwepo akaujambule ukadali choncho. Pali kamakina kena kovala tsiku lonse komwe kamajambula mtima, funsani ngati nkotheka. Nenaninso ngati mukuonda mukudya bwino, manja akunjenjemera, pakhosi patupa, chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola chimathamangitsa mtima. Ndipo ngati muli mwana munkadwaladwala zilonda za pakhosi ndi kutupa mfundo za miyendo, kapena pano mapazi amatupa, mukagona chagada mumabanika, nenani, chifukwa zilonda za pakhosi zosachizidwa bwino zimatha kuononga mavalavu a mtima nkudzaonekera munthu atakula, ndipo zimenezo amaziona ndi sikani ya mtima.

Akakupatsani mankhwala ochepetsa liwiro la mtima ngati atenolol kapena propranolol, dziwani kuti manambala anu atsika onse, pa chitunda mwina osapyola 130, ndipo masiku oyamba miyendo imalemera. Musasiye mwadzidzidzi panokha, ndipo ngati muli ndi mphumu nenani asanakulembereni. Funsani mwachindunji kuti adokotala, ntchito yanga ndi njinga, ndipalase kapena ndidikire kaye, ndipo katundu wolemera bwanji.

Mnzanga uja anamuloleza kubwerera pa njinga. Anasiya timabotolo tija, amayenda ndi botolo la madzi lomangirira pa keliyala, maminiti khumi oyambirira mmawa amapalasa mofatsa asanatenge munthu, ndipo anaphunzitsa anzake awiri a pa siteji kukweza miyendo kuja kuti tsiku likadzafika asadzasowe womugwira. Chiyambireni chaka chino zamuchitikira kamodzi, cha ku Chonde, anatsitsa kasitomala, nkuuzira chala atatsamira mtengo wa mango, ulendo wachiwiri mtima unabwerera, ndipo madzulo ake analemba tsiku ndi maminiti mu buku lake kuti akaonetse pa tsiku lomwe anamupatsa lobwerera kuchipatala.